Maso Makumi Awiri Amene Ndinaonjezera pa Khoka

Tsekani pakamwa, ana inu, mungameze ntchentche. Mwadabwa chiyani? Tiyanjane wakhala apa chiyambire m'mawa akulumaluma pensulo. Akuti aphunzitsi awatuma nambala yochepetsetsa imene ingagawike mofanana kwa anthu awiri, atatu, anayi, mpaka khumi, popanda chotsala. Ine ndili pathandala ndikutembenuza mphende zanga, ndangoti, “Ndi 2,520, lemba.” Ndiye iwe Madalitso wathamangira kafoni kako kuti undigwire bodza. Kakuuza chiyani? Eya. Tsopano nonse mukundiyang'ana ngati mwaona mbuzi ikuwerenga nyuzipepala.

N'zoona, sukulu ndinalekezera Sitandade 2. Koma nambala imeneyo sindinaione m'buku la munthu. Ndinaifukula ndekha ndi manja awa, ndipo inadyetsa bambo anu inu musanalotedwe n'komwe. Sendererani kuno kumthunzi, dzuwa la mwezi uno silisewera.

Bambo anga anali woluka maukonde kwathu kwa Mlolo, kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Masiku amenewo ukonde sunkagulidwa m'sitolo. Ankasenda bwazi, n'kupota ulusi pantchafu mpaka cheya chonse cha pamwendo chinatha. Kenaka kunabwera nzeru yosolola ulusi m'matayala akutha a galimoto, ndipo tinkaona ngati tatukuka zedi. Inu lero mungadziwe chiyani? Anzanu ena amangotenga neti ya udzudzu n'kukakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, mawa n'kumadandaula kuti m'madzi mulibe kanthu.

Woluka amawerenga maso. Kabowo kalikonse ka ukonde ndi diso, ndipo utali wa ukonde tinkaudziwa ndi maso, osati ndi mapazi. Bambo ankasunga nthanga za bwemba m'kachitini. Akaluka maso khumi, nthanga imodzi inkagwa mulichero. Azichimwene anga ntchito imeneyi inkawatopetsa, ankathawira kokasambira, choncho woponya nthanga ndinali ine.

Muyeso wa bambo unali maso 360, nthanga 36, osachepera, osapitirira. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. Anandionetsa chingwe cha pamwamba, pamene timamangirira timitengo toyandamitsa, ndi cha pansi, pamene timamangirira miyala. Madzi akamathamanga umamanga pafupipafupi, pa maso asanu kapena asanu ndi limodzi alionse. Akadekha umatalikitsa, mpaka pa maso khumi. Nambala ikakhala yokana, kumapeto kumatsala kamchira, ukonde umapendama, nsomba n'kumadutsa pansi zikukuseka. Koma 360 ankavomera njira zonsezo, kupatula imodzi.

Kuyambira pamenepo nambala ndinayamba kuziona ngati anthu a m'mudzi, ndipo ndinazipatsa mitundu yangayanga. Pali zapabanja, zimene ukaika nthanga ziwiriziwiri aliyense amapeza mnzake. Pali za mbeta, zimene pomaliza pamatsala mmodzi ali yekha. Ndiye pali zaliuma, monga seveni, leveni ndi satini. Zimenezo ngakhale uzinyengerere bwanji sizilola kugawidwa, pokhapokha upatse munthu mmodzi zonse kapena aliyense imodziimodzi. Pomaliza pali zofatsa, zimene aliyense wofika zimamulandira. Tiyanjane akuti m'buku mwake zilimo zonsezi, ndi maina aatali a Chizungu. Zikomo, koma anga ndi osavuta kukumbukira.

Chinkandiwawa chinali chimodzi. Muyeso wa bambo, wofatsa chotero, unkakana seveni. Ukaugawa pasanu ndi pawiri pankatsala maso atatu. Ndikawauza, ankangoti, “Seveni musiye, mwanawe, ameneyo alibe mnzake.” Ine sindinamusiye. Mumandidziwa.

Agogo anu aamuna, a Zuze, anali Msena wa kutsidya. Anabwera kudzaphunzira kuluka kwa bambo, n'kuphunziranso njira ya kuchitsime kumene ndinkatunga madzi. Musaseke, ndinali ndi mano onse nthawi imeneyo. Anali munthu wosayankhulayankhula. Ukamufunsa chinthu, yankho linali la Chisena, “pyadidi”, kutanthauza chabwino, kapena “nkhabe”, kutanthauza ayi, basi, kwatha. Koma zala zake poluka sunkaziona bwino, kufulumira.

Titabereka Luka, bambo anu, amuna khumi a padoko pathu anagwirizana zokhala ndi khoka limodzi lalikulu lokokera pathamanda. Paja mutu umodzi susenza denga. Aliyense anabweretsa ulusi wake, ndipo woluka anasankhidwa Zuze. Anapangana pamaso pa anthu kuti gulu likadzatha, khoka lidzadulidwa mofanana, pasadzapezeke woposa mnzake ngakhale ndi diso limodzi. Anapangananso kuti wina akadzamwalira, gawo lake lidzapita kunyumba kwake.

Woyeza utali anali alamu anga a Alfandika, msuweni wa Zuze. Iwo anafika Sitandade 8, ndipo bolopeni sinkachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale popita kumaliro. Anati khoka likhale la maso 2,500. “Nambala yoyera bwino,” anatero. “Anthu khumi, aliyense 250.” Onse anawomba m'manja.

Inali nyengo yoingitsa mbalame m'mapira. Inu simudziwa ntchito imeneyi, mumaona ngati mapira amabadwira m'thumba. Unkakhala pansanja kuyambira kum'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kukuwa, kukoka chingwe cha zitini, mawu mpaka kusasa. Ine ndinkapita ndi Luka kumsana ndi kachitini ka nthanga m'manja. Ndinayala nthanga 250 pansalu n'kuyamba kuifunsa nambala ya alamu anga. Anthu khumi inavomera. Asanu inavomera. Asanu ndi anayi inakana, asanu ndi atatu inakana, ngakhale atatu okha inakana. Ndinati, iyi ndi yokongola pankhope chabe, mtima wake ndi woumira.

Ndipo ndinachita mantha. Amuna khumi a lero si khumi a mawa. Mtsinje umatenga, matenda amatenga, ena amangotopa n'kuchoka. Tsiku lodula khoka adzakhala angati? Palibe ankadziwa.

Ndinavutika nazo masiku anayi, mbalame zikudya mapira ine ndili pa nthanga. Tsiku lachisanu ndinaunjika muyeso wa bambo, nthanga 36, n'kuunjikanso wina pambali pake, mpaka milu isanu ndi iwiri. Ndiye mutu unatseguka. Mulu uliwonse ndi maso 360, ndipo umavomera awiri, atatu, anayi, asanu, onse aja kupatula seveni. Ngati mulu umodzi ukuvomera, milu yonse pamodzi ivomeranso. Nanga seveni akana bwanji, milu ili isanu ndi iwiri? Aliyense angonyamula wake. Nditawerenga zonse zinakwana nthanga 252, kuposa za alamu anga ndi ziwiri zokha. Ndinakuwa pansanja paja, mbalame zonse za m'dimba zinabalalika, Luka n'kudzidzimuka kulira.

Madzulo ndinapeza Zuze akuluka pansi pa mtengo wa bwemba.

“Bambo a Luka, muonjezere maso makumi awiri.”

“Nkhabe. Achimwene anena kale.”

“Achimwene anuwo anawerengera anthu khumi. Kodi Mulungu wawalembera kalata kuti mudzafa tsiku limodzi nonse?”

Anaima kuluka. Ndinamuyalira nthanga pansi, n'kumuonetsa kugawa pawiri, patatu, mpaka pakhumi. Anayang'ana milu ija umodziumodzi.

“Ulusi wake uchokera kuti?” anafunsa.

“Ndipota ndekha.”

“Pyadidi. Koma usauze munthu. Akamva kuti mkazi wakonza masamu a achimwene, padoko sindidzapondaponso.”

Zinandipweteka, sindikubisirani. Ndinkafuna mudzi wonse udziwe. Koma ndinameza, n'kupota ulusi wanga wa bwazi pantchafu iyi. Khoka lonse linali la ulusi wa matayala, wotuwa, koma maso makumi awiri a kumapeto anali ofiirira. Ofunsa ankauzidwa kuti ulusi unaperewera.

Zaka zimene zinatsatira zinali zokoma. Khoka lija linkatuluka lolemera, mphende, milamba, makakana, amuna akuimba pokoka. Ife akazi tinkang'amba, kuwamba pamoto, n'kulongedza m'madengu. Kunali sitima nthawi imeneyo, ana inu, sitima yeniyeni, osati njanji zadzimbiri mumaziona zomera udzuzi. Tinkakwera ndi madengu athu kupita ku Limbe, fungo la nsomba lili thoo, azibambo a mataye akutseka mphuno. Kumtunda kuja kunkazizira mpaka mano kugundana, ndipo ndinkabwerako ndi chimfine ulendo uliwonse. Kunalinso zaka za njala, pamene tinkalowa m'madzi mpaka m'khosi kuzula nyika, tizakudya tonga mbatata tomera pansi pa madzi, ng'ona zili pomwepo. Koma nyumba za khoka lija sizinagonepo ndi njala masiku awiri otsatizana.

Chilimwe chilichonse khoka linkayalidwa pamchenga kuti lisokedwe mong'ambika. Ine ndinkapita ngati wokachotsa zinyalala, koma ndinkawerenga. Ndikapeza kuti posoka ameza diso kapena aonjezera, ndinkanong'oneza Zuze, iye n'kukonza.

Monga ndinanenera, khumi sanakhale khumi. Atatu anapita kukadula nzimbe ku esiteti, anzawo anawapatsa mbuzi, iwo n'kusiya magawo awo m'gulu. Anatsala asanu ndi awiri. Seveni uja.

Kenaka linafika tsiku limene sindikonda kulikamba. Zuze anali m'bwato ndi mnyamata wina wa m'gulu, Fulesi, akuzungulitsa khoka. Mvuu ya mwana inatulukira pansi pawo. Anthu a kumtunda anaona bwato likutembenuka, basi. Mtembo wa Fulesi unapezeka tsiku lomwelo, wa agogo anu unapezeka mawa lake m'bango. Ndinatsala ndi ana anayi. Mkazi wa Fulesi, Dolika, anali mtsikana wamng'ono, ali ndi pathupi poyamba.

Mvuu ija inang'ambanso khoka pakati, chibowo choti ng'ombe n'kudutsa. Analisoka a Tchale, mkulu wa gulu, ine ndili m'nyumba ya maliro. Koyamba chilukireni, khoka linasokedwa ine osawerenga.

Dzinja lotsatira Ruo anakwiya. Madzi ataphwa, thamanda lathu linali litakwiririka ndi mchenga, poti n'kudzala mbatata. Ena anati asamukira kumtunda, ena kutsidya. Gulu linatha, ndipo anaitana anthu padoko kuti adule khoka.

Amuna anakhala pamabwato ovundikira, ife akazi potero pamchenga. A Alfandika anaimirira, n'kusolola bolopeni.

“Abale, pangano likuti tidule mofanana,” anatero. “Maso ndi 2,500. Kwa ife asanu amoyo, aliyense 500, ndendende. Koma tikati tiwerengere nyumba ziwiri za anzathu anatisiya, akhala magawo seveni, ndipo seveni salowa. Pakutsala diso limodzi. Tikalipereka kwa wina taphwanya pangano. Si ine, ndi masamu. Alamu athuwa tiwapatse dengu la nsomba aliyense, tiwapepese.”

Tamverani, ana inu. Diso limodzi si kanthu, aliyense ankadziwa. Chinali chonamizira chabe. Koma anachiveka malaya a sukulu, ndipo panalibe woti n'kuchivula. Amuna aja anangoweramitsa mitu, poti 500 ndi wokoma kuposa 357. Dolika anayamba kulira mwakachetechete. Dengu la nsomba limatha pa sabata ziwiri, pamene chidutswa cha khoka ukachibwereketsa kwa msodzi chimakubweretsera ndiwo ndi zogulitsa chaka ndi chaka. Ine ndinkaona ana anga anayi.

Ndinaimirira.

“Alamu, mwati maso ndi angati?”

“Amake Luka, khalani pansi. Izi ndi za masamu.”

“Ndamva. Ndiye tiwerenge.”

“Ndinayeza ndine khoka limeneli, inu mukuingitsa mbalame.”

“Zoona, ndinkaingitsa mbalame. Koma chaona mnzako chapita, alamu, mawa chili pa inu. Akazi anu ali apawa akumva mmene mudzawasiyire. Ine ndikuti maso ndi 2,520, ndipo seveni alowa. Akapezeka ena, ndinyamuka pano osatenga ngakhale dengu lanulo.”

Anthu anang'ung'udza. Wina anati chisoni chandizunguza mutu. Mawu atatuluka m'pamene ndinakumbukira chibowo cha mvuu, ndi a Tchale amene maso awo anali atayamba kuchita khungu. Akanameza maso atatu okha posoka, ndikanapita kunyumba chimanjamanja, anthu akundiseka. Koma a Tchale anali atanena kale kuti, “Yalani khoka.”

Ndinatuma Dolika kukatenga kachitini ka bambo. Khoka linayalidwa pamchenga, lalitali mpaka kubango. A Alfandika ankawerenga okha mokweza, akugwira diso lililonse ndi nsonga ya bolopeni, kuopa kuti ndingabe. Akafika pa khumi, a Tchale ankamanga kamlaza, ine n'kuponya nthanga mulichero. Dzuwa linakwera, mchenga unayamba kuotcha mapazi, koma palibe anachoka. Ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya malonda.

Kenaka tinafika posokedwa paja. Mfundo za a Tchale zinali zazikulu, zosaoneka bwino, ndipo sindikanatha kudziwa ndi maso ngati zakwana. Ndinangoponya nthanga.

Nthanga ya 250 itagwa, a Alfandika anaweramuka, n'kupukuta mchenga m'maondo.

“Mwaona? Ndinanena ine.”

“Alamu,” anatero Dolika ndi kamawu kake kakang'ono, “nanga awa?”

Anali atagwira kumapeto kwa khoka. M'manja mwake munali maso ofiirira, a bwazi, osawerengedwa. A Alfandika anawerama. Khumi, nthanga inagwa. Khumi enanso, nthanga inagwa, ndipo bolopeni inafika pachingwe chomaliza popanda diso lotsala.

Ndinakhuthula lichero pansalu, n'kuyamba kugawa imodziimodzi m'milu isanu ndi iwiri, pang'onopang'ono, kuti ndi wakumbuyo yemwe aone. Nthanga yomaliza inagwera pa mulu womaliza. Uliwonse 36. Mayi wina anayamba nthungululu, anzake n'kulandira, mpaka agalu anauwa. Ine, ana inu, ndinanyada. Ndinanyada mpaka m'zala za kumapazi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira msana umawongoka.

A Alfandika anachulukitsa pamchenga kawiri konse. Kenaka anabweza bolopeni m'thumba n'kunena kuti, “Alowadi.” Ndiwapatse ulemu wawo, mpeni anagwira okha, ndipo anadula mwachilungamo. Atandifunsa gawo limene ndikufuna, ndinasankha la kumapeto.

Chidutswa chimenecho ndinachibwereketsa kwa asodzi zaka zambiri, nsomba tinkagawana. N'chimene chinasunga bambo anu pasukulu mpaka anakapeza ntchito ya magetsi ku Kapichira, kumene amavala chipewa cholimba chija n'kumayenda ngati anabadwa nacho. Dolika naye analera mwana wake ndi gawo lake. Mpaka lero tikakumana kutchalitchi amandigwira dzanja n'kuti “takhuta”, zikomo wa Chisena uja, ine n'kumukalipira kuti zinatha kale.

Musaganize kuti nambala yangayi ilibe malire. Akanakhala anthu khumi ndi mmodzi ikanandichititsa manyazi, poti leveni imamukana. Koma kuyambira mmodzi mpaka khumi, palibe ina yocheperapo imene ingawalandire onse. Madalitso akuti kafoni kake kapeza njira 48 zoigawira. Ine ndinkadziwa zimene ndinkazifuna.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ngakhale bambo anu sindinawauze bwinobwino. Anthu atabalalika tsiku lija, ndikupinda gawo langa, a Tchale anabwera n'kukhala pabwato pafupi nane.

“Amake Luka, mumaopa kuti ndinameza maso posoka?”

“Ndimaopa, bambo.”

“Ndinawerenga katatu. Amuna anu anandiuza chaka choyamba chomwe, tili awiri m'bwato. Anati, ‘A Tchale, khoka ili lili ndi maso makumi awiri a mkazi wanga. Ndikadzasowa, musadzawataye posoka. Mutu wa mkazi ameneyu, ife tonse khumi sitingaufike.’”

“Nanga munangokhala chete bwanji pamene alamu amatimana?”

“Ine ndinkadziwa kuti masowo alipo, mayi. Ntchito yake ndinaidziwa lero.”

Pa maliro a Zuze ndinalira monga mwa mwambo, koma kulira kwenikweni ndinalira pamenepo, padoko, khoka lili pamiyendo. Zaka zonsezo ndinkati munthu uja ankachita nane manyazi. Pakamwa pake sipanatulukepo mawu ondiyamika, “pyadidi” yekha uja basi. Osadziwa kuti pakati pa madzi, pamene ine sindikanamva, ankadzitama nane.

Tiyanjane, tamasula kamfundo aka pansonga ya nsalu yanga, zala zanga zauma. Waziona? Nthanga ziwiri, zakuda ndi thukuta. Zinzake 250 zinapita ndi madzi chaka china pamodzi ndi kachitini, koma izi sizinachokepo pathupi panga. Tsiku langa likadzafika mudzandiike nazo, ndikamuonetse Zuze kuti zinagwira ntchito.

Bweza, manga bwino. Tsopano lemba nambala yako, mphende zanga zikupsa mbali imodzi. Ndipo aphunzitsi akakufunsa kuti wakuuza ndani, usakanene kuti foni. Ukanene kuti ndi mkazi wa Zuze.